Tinthu tosaoneka tomwe timalemeretsa tsamba la fodya ku Simlemba

Mlimi wa kwa Simlemba m'boma la Kasungu amadziwa phindu lake pa sikelo, belo likayezedwa. Komatu kulemera kwa fodyayo kumayambira mkati mwa tsamba, pa tinthu tating'onoting'ono totchedwa ma proton.

M'tsamba lililonse lobiriwira muli timatumba tokutidwa ndi kakhungu kopyapyala kamafuta. Dzuwa likawomba, mphamvu yake imakankhira ma proton mkati mwa timatumbati, ndipo amadzazana ngati madzi m'damu. Popeza kakhunguko sikawalola kudutsa mwachisawawa, amatulukira pa kakhomo kapadera komwe kamazungulira n'kupanga ATP, mphamvu imene mbewu imapangira shuga.

Ganizoli analibweretsa ndi Peter Mitchell wa ku Britain m'chaka cha 1961, koma ambiri anamukayikira. Mu 1966, André Jagendorf ndi Ernest Uribe anaviika timatumbati m'madzi a asidi a pH 4, kenako n'kutisamutsira m'madzi a pH 8. ATP inapangika mumdima, popanda dzuwa, umboni wakuti chomwe chimagwira ntchito ndi kusiyana kwa kuchuluka kwa ma proton mkati ndi kunja. Mitchell analandira mphoto ya Nobel mu 1978.

Masiku ano kuyeza kotere kumatheka m'munda momwe. Kachipangizo ka m'manja ka MultispeQ, komwe kanapangidwa ku Michigan State University ndipo kagwiritsidwapo ntchito pa kafukufuku wa mbewu m'dziko muno, kamapana tsamba n'kuzimitsa kuwala kwa kamphindi. Kusintha kwa momwe tsambalo likumwera kuwala kumasonyeza liwiro lomwe ma proton akutulukira.

Muyeso umenewu ndi wofunika pa nthawi ya ng'amba. Madzi akasowa, tsamba limatseka timabowo take, ma proton amaunjikana, ndipo mbewu imayamba kutaya mphamvu ya dzuwa ngati kutentha pofuna kudziteteza. Vuto n'lakuti mthunzi ukabwera, chitetezocho chimachedwa kuchoka, zomwe zimachepetsa kakulidwe.

Mu 2016, akatswiri a ku University of Illinois ndi anzawo anafulumizitsa kuchoka kwa chitetezochi m'mbewu ya fodya, ndipo inakula ndi pafupifupi 15 peresenti. Mu 2022 njira yomweyo inakweza zokolola za soya, mbewu imene alimi ambiri a m'Kasungu akutembenukirako pamene ena akusiya fodya.