Ulendo wa pandege wosakwana mphindi ziwiri

Kumpoto kwa Scotland kuli zilumba za Orkney. Ziwiri mwa izo, Westray ndi Papa Westray, n'zoyandikana kwambiri moti mabwalo awo a ndege atalikirana makilomita 2.7 okha. Pakanakhala pamtunda, munthu akanayenda wapansi theka la ola n'kufika. Koma pakati pake pali nyanja, choncho kampani ya Loganair imayendetsapo ndege kuyambira mu 1967. Pa maulendo onse a ndege zonyamula anthu oyenda motsatira ndandanda, waufupi kwambiri padziko lonse ndi umenewu.

Nthawi zambiri ndegeyi imakhala m'mwamba nthawi yosakwana mphindi ziwiri. Koma nthawiyi imasinthasintha, ndipo mwini nkhani ndi mphepo. Ndege imafunika kunyamuka komanso kutera itayang'ana kumene mphepo ikuchokera. Ikachokera mbali yoyenera, woyendetsa amangonyamuka, n'kulunjika kutsidya, basi watera. Ikatembenuka, amayamba wazungulira kuti apeze polowera, ndipo kaulendo kakang'onoka kamatalikirako ngakhale mabwalowo sanasunthe. Stuart Linklater, amene anaulutsa ndege panjirayi maulendo oposa 12,000 asanapume pantchito mu 2013, tsiku lina anawoloka m'masekondi 53. Apa ndiye kuti wokwera akamati ayang'ane bwino pawindo, matayala agunda kale pansi.

Ndege yake ndi yamtundu wa Britten-Norman Islander, ya injini ziwiri, yonyamula anthu 8. Woyendetsa amakhala mmodzi, ndipo palibe chitseko chomulekanitsa ndi okwera. Wokhala mpando wa kumbuyo kwake amaona chilichonse chimene manja ake akugwira.

Wina angadabwe kuti mafuta onsewo atherenji pa kamtunda kotere, boti pakati pa zilumbazi lilipo. Zoona zake n'zakuti ndegeyi sinyamukira kamtundaka kokha. Imachokera ku Kirkwall, tawuni yaikulu ya Orkney, n'kutera pachilumba chimodzi, kutsitsa ena ndi kukweza ena, kudumphira pachinzake, kenako kubwerera ku Kirkwall, ngati mmene minibasi imaimira m'masiteji. Pa Papa Westray pamakhala anthu pafupifupi 90, ndipo aphunzitsi, azaumoyo ndiponso odwala amene akufunika chipatala chachikulu amadalira ndege yomweyi. Ndalama za matikiti pazokha sizingakwanitse kuyendetsa ntchitoyi, n'chifukwa chake khonsolo ya Orkney imathirapo zake.

Alendo nawo amaikwera, ena pongofuna kukasimba kwawo kuti anayendapo ulendo wotchukawu. Amene ali ndi nthawi amatsikiratu pa Papa Westray kukaona Knap of Howar, nyumba ziwiri zamiyala zimene alimi anamanga zaka zoposa 5,000 zapitazo, ndipo makoma ake akadali chilili m'mphepete mwa nyanja.