KUNJA KWADA PA TSIKU LA SIKELO: TIPITE KAPENA TILEKE?

M'midzi ya kwa Mwase m'boma la Kasungu, mabanja amene ali kutali ndi chipatala amakonda kupangana tsiku ndi kupalasa njinga pamodzi popita ndi ana ku sikelo. Chizolowezi chimenechi ndi chabwino. Koma kuyambira mwezi wa Novembala kufikira Epulo, funso limodzi limavuta: kunja kukacha ndi mitambo yakuda, kodi ulendo ukhalepo?

Wina amati, "Walira mvula walira matope, tiyeni." Mnzake amati, "Tileke, tikawokere fodya." Onsewa ali ndi mfundo, koma pakati pawo pali mwana amene tsiku lake la katemera lakwana.

Mvula yokha si chifukwa cholepherera ulendo. Mwana wofundidwa bwino akhoza kufika ku sikelo pa tsiku la mvula yowaza. Zoopsa zenizeni ndi ziwiri: mphezi ndi mitsinje yodzaza.

Dziko la Kasungu ndi lachidikha, ndipo munthu wa pa njinga pakati pa minda ya fodya amaonekera patali. Matayala a njinga sateteza ku mphezi. Mukaona ching'aning'ani, werengani masekondi kufikira bingu litamveka. Masekondi 3 aliwonse ndi mtunda wa kilomita imodzi. Akapanda kukwana 30, tsikani pa njinga ndi kulowa m'nyumba yolimba. Musabisale pansi pa mtengo kapena m'chigafa chopanda zipupa. Dikirani mphindi 30 chilekere bingu lomaliza. Munthu akaombedwa ndi mphezi musaope kumugwira, pakuti moto wake sukhalira m'thupi. Thamangirani naye ku chipatala.

Timitsinje ndi madambo othira mu Bua ndi Dwangwa amadzaza msanga, ngakhale mvula itagwa kumtunda kokha. Madzi othamanga ofika m'mawondo akhoza kugwetsa munthu wamkulu, nanji mayi wobereka mwana. Musawoloke.

Nanga gulu lichite bwanji? Madzulo ake mverani pa wailesi zimene a nthambi yoona za nyengo alengeza. Sankhani munthu mmodzi amene adzayang'ane kunja m'mamawa, ndipo mawu ake onse awamvere. Nyamukani dzuwa lisanakwere, chifukwa mvula ya mabingu imakonda kugwa masana ndi madzulo. Gwirizanani msanga za malo obisalapo m'njira, monga sukulu kapena tchalitchi.

Ulendo ukalephereka, musataye mtima. Mwana amalandira katemera ali ndi masabata 6, 10 ndi 14, ndipo wa chikuku ali ndi miyezi 9 ndi 15. Akaphonya tsiku, sayambiranso poyamba. Amangopitiriza pamene analekezera. Uzani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu, ndipo pitani pa sikelo yotsatira muli ndi buku la mwana m'manja. Choipa ndi kulephera kamodzi ndi kulekeratu.

Koma pali maulendo ena amene sadikira mawa. Mwana wotentha thupi, wokomoka kapena wokana kuyamwa, ndiponso mayi amene matenda a uchembere ayamba, afike ku chipatala tsiku lomwelo. Bingu likangoleka nyamukani, ndipo dzerani njira ya pa mlatho ngakhale ikhale yozungulira. Mayi woyembekezera wa kutali apite ku chidikiro masiku ake asanakwane.

Kumbukirani: sikelo idzakhalaponso, koma mtsinje subweza mwana.