Phunziro likalowa mufoni, netiweki ikhoza kuthawa

M'midzi yambiri ya ku Vubwi, boma lamapiri lomwe lili m'malire a Zambia, Malawi ndi Mozambique, aliyense amadziwa malo ogwira netiweki: pachulu, pamtunda kapena pansi pa mtengo wina wake. Pamalopo munthu akhoza kuimba foni kapena kutumiza ndalama, koma kuonera vidiyo ya masamu ya mphindi 40 n'kovuta. Chithunzi chimaima, kachizindikiro n'kumangozungulira, bandulo ikutha.

N'chifukwa chake wophunzira wa ku Vubwi, Sinda kapena Katete amapindula akadziwa kudawuniloda. Amatsitsa vidiyo kamodzi pamene netiweki ya MTN, Airtel kapena Zamtel ili yamphamvu, n'kumaionera kunyumba kangati konse popanda kulipiranso. Amene akubwereza mayeso a GCE, mphunzitsi wokonzekera phunziro la sayansi, namwino wa ku chipatala cha St Francis kapena cha Nyanje wofuna kuonjezera luso, onse njira ndi yomweyi.

Zigawo zino si zachilendo pa nkhaniyi. Bungwe la Impact Network, lomwe linayamba mu 2009, lakhala likuyendetsa masukulu akumidzi ku Katete, Sinda ndi Petauke pansi pa ndondomeko yotchedwa eSchool 360. Mphunzitsi amalowa m'kalasi ndi tabuleti yomwe ili kale ndi maphunziro a Mwabu, otsatira silabasi ya dziko la Zambia, ena m'Chinyanja. Amailumikiza ku pulojekita, ana n'kumaonera pakhoma, magetsi akuchokera ku sola. Pa nthawi ya phunziro intaneti sifunika ngakhale pang'ono.

Kufunika kwa njira zotere kunaonekera poyera masukulu atatsekedwa mu March 2020 chifukwa cha COVID-19. Boma linaika maphunziro pa wailesi ndi pa TV, koma mwana wopanda wailesi kapena kanema kunyumba anatsalira. Mu 2024 chilala chinachepetsa kwambiri madzi ku Kariba, ZESCO n'kuyamba kuzimitsa malaiti maola ambiri tsiku lililonse, ndipo nsanja zina za mafoni zinkazimira limodzi. Amene anali ndi maphunziro mufoni ankangofuna kasola kotchajira basi.

Nanga kutsitsako kumayenda bwanji? Njira yoyamba ndi ya mu apu. Khan Academy, yomwe maphunziro ake ndi aulere, komanso Coursera ndi Udemy, zili ndi kamuvi koloza pansi pambali pa phunziro. Munthu akakadina, vidiyo imasungika mkati mwa apuyo ndipo imatseguka ngakhale deta itazimitsidwa. Kawirikawiri siioneka pakati pa zithunzi zamufoni ndipo situmizika kwa mnzake, chifukwa eni ake anaitsekera mmenemo dala. Akafufuta apu, maphunziro onse amapita nayo.

Asanadine, ayambe wasankha kukula kwa chithunzi. Vidiyo ya ola limodzi pa 720p imatha kudya deta yoposa theka la 1GB, pomwe pa 360p imadya yochepa kwambiri, koma zolemba za mphunzitsi pabolodi zimawerengekabe. Ambiri amadikira mabandulo ausiku, omwe amakhala otchipa, kapena amatsitsa tsiku lomwe apita ku boma kukagulitsa soya ndi mtedza. Memori khadi ya 32GB imanyamula maola ochuluka a mavidiyo ang'onoang'ono otere, bola igulidwe pamalo odalirika, poti yabodza imaonetsa malo ambiri koma mafayilo n'kumaonongeka.

Njira yachiwiri ndi ya sukulu kapena gulu. Pulogalamu yaulere ya Kolibri, yopangidwa ndi bungwe la Learning Equality, imaikidwa pa kompyuta imodzi. Maphunziro amatsitsidwa kamodzi, kenako mafoni ndi matabuleti apafupi amalumikizana nayo pa Wi-Fi ya pomwepo popanda intaneti. Kiwix nayo imasunga Wikipedia yonse kuti iwerengedwe chimodzimodzi. Sukulu ya ku Sinda ikhoza kutuma mphunzitsi mmodzi ku Chipata ndi hadi diraivi, n'kubwera ndi zokwanira chaka chathunthu.

Pali malire ofunika kuwalemekeza. Maphunziro ambiri a Khan Academy ndi MIT OpenCourseWare ali ndi chilolezo cha Creative Commons, chomwe chimalola kugawana kwaulere malinga osachita nawo malonda. Awa, akakhala mafayilo wamba osatsekeredwa mu apu, munthu akhoza kupatsira mnzake pa Bluetooth kapena Xender mtima uli m'malo. Kosi yolipira ndi nkhani ina. Ndi thukuta la mphunzitsi amene anaijambula, ndipo kuikopera n'kumaigulitsa pamsika kumaphwanya lamulo la Copyright and Performance Rights Act la 1994. Akaunti ya wochita zimenezi ikhozanso kutsekedwa, setifiketi n'kumudutsa.

Chenjezo lina ndi la maapu ochokera kunja kwa Play Store omwe amalonjeza kutsitsa vidiyo iliyonse. Ena amapempha kuwerenga mauthenga ndi manambala amufoni, zinthu zosakhudzana ndi vidiyo. Foni yomweyo ndi imene imasunga ndalama za mobile money, choncho apu yotere ikanidwe.

Vidiyo yosungidwa siimaliza zonse. Mayeso ndi ntchito zopereka pa Coursera kapena Udemy zimafuna intaneti, ndiye wophunzira amalemba mayankho m'kope, n'kukawatumiza akafika pogwira netiweki. Ndiponso mavidiyo ambiri ndi a Chingelezi, ojambulidwa motsatira masilabasi a mayiko ena. Wokonzekera mayeso a Examinations Council of Zambia ayenera kufunsa aphunzitsi ake mitu yomwe ili m'silabasi, n'kuyerekeza ndi mapepala a mayeso akale, asanawononge bandulo pa phunziro lomwe silidzafunsidwa.