Anyamata awiri amene anayambira pa mipikisano yonyozeka

Mu Disembala chaka cha 2022, mumzinda wa Maia ku Portugal, anyamata awiri a ku Britain, Julian Cash ndi Henry Patten, ananyamula chikho cha mpira wa tenisi wa awiriawiri. Chinali chikho chawo cha nambala 10 m'chaka chimodzi chokha pa mipikisano yotchedwa Challenger, ndipo panalibe anthu awiri ena amene anachitapo zotere kuyambira pamene mipikisanoyi inayamba mu 1978. Komabe kunja kwa anthu okonda tenisi, ndi ochepa amene anamva za nkhaniyi.

Tenisi ndi masewero omenya kampira kachikasu ndi rakete, kukadumphitsa ukonde womangidwa pakati pa bwalo. Bwaloli ndi lotalika mamita 23,77. Akamasewera mmodzimmodzi, m'lifupi mwake ndi mamita 8,23, koma akakhala awiriawiri amalikuza kufika mamita 10,97. Mmodzi amayambitsa mpira ali kumbuyo, mnzake atawerama pafupi ndi ukonde kudikira kuti audule. Asanayambe amanong'onezana atatseka pakamwa ndi mipira, kapena wa kutsogoloyo amalozera ndi zala kumsana kwake, kuti adani asadziwe kumene mpira ulowere.

Mipikisano ya amuna ili m'magulu atatu. Pamwamba pali ya ATP Tour pamodzi ndi zikho zinayi zikuluzikulu za ku Australia, France, Wimbledon ndi America. Pansi penipeni pali ya bungwe la ITF, yonga imene yachitikapo ku Maputo pa mabwalo a m'munda wa Tunduru. Challenger ili pakati, ngati mlatho. Amene wauwoloka amakadya bwino, amene walephera amabwerera kwawo ndi thumba lopanda kanthu.

Pa Challenger, mpikisano wa awiriawiri umakhala ndi magulu 16, ndipo ogonja amatuluka tsiku lomwelo. Kuti gulu litenge chikho liyenera kupambana kanayi motsatizana m'sabata imodzi. Malamulo ake ndi ouma. Mbali ziwiri zikalingana pa 40 kwa 40, saseweranso nthawi yaitali monga amachitira a mmodzimmodzi: mpira umodzi wokha ndiwo umaweruza. Ngati mbali iliyonse yapambana seti imodzi, seti yachitatu kulibe. Amangothamangitsana kufika mapontu 10, ndipo wopambana ayenera kutsogola ndi awiri. Motero ulendo wa pandege wa tsiku lathunthu ungathe kuthera pa dzanja limodzi limene lanjenjemera.

Nanga malipiro? Mu 2023 mpikisano waung'ono kwambiri, wa Challenger 50, unali ndi madola 40.000 oti agawane osewera onse. Gawo lalikulu limapita kwa a mmodzimmodzi, ndipo kachigawo kotsalira a awiriawiri amakagawanso pawiri. Malo ogona amapatsidwa ndi okonza mpikisano, koma tikiti ya ndege, zingwe za rakete ndi malipiro a mphunzitsi zimachokera m'thumba la wosewera. Ogonja tsiku loyamba kawirikawiri ndalama yawo sikwanira ngakhale ulendo wopita kumpikisano wotsatira.

Chimene amasakasaka kwenikweni ndi mapontu. Opambana pa Challenger 50 amalandira mapontu 50, a pa Challenger 125 amalandira 125, ndipo mapontuwa ndiwo amatsegula khomo la mipikisano ikuluikulu. Koma sasungika ngati chimanga m'nkhokwe. Pakatha masabata 52 amafufutidwa, ndipo munthu amene wavulala bondo n'kukhala pansi miyezi ingapo amapeza dzina lake latsetsereka.

N'chifukwa chake kusankha mnzako ndi nkhani yaikulu. Polowa mpikisano amawerengera pamodzi malo a anthu awiriwo pa mndandanda wa dziko lonse, choncho kutsika kwa mmodzi kumamira ndi mnzake yemwe. Ambiri amasintha anzawo sabata ndi sabata, kufunafuna amene ali pamwambako. Cash ndi Patten sanatero m'chaka chimenecho. Anayambira limodzi pa mipikisano ya ITF, anatenga chikho chawo choyamba cha Challenger pa bwalo la udzu ku Surbiton mu Juni, n'kupitirira limodzi mpaka ku Maia. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga, ndipo awiriwa aliyense ankadziwa kumene mnzake aponde asanasunthe n'komwe.

Ubwenzi wa pabwalo sukhalitsa, pakuti ndi ntchito. Pambuyo pake anasiyana, aliyense n'kupeza mnzake wina. Patten, amene kale anagwirapo ganyu yolemba ziwerengero za masewero a anthu ena ku Wimbledon, anagwirizana ndi Harri Heliövaara wa ku Finland mu 2024. Chaka chomwecho anapambana chikho cha Wimbledon, atapulumuka katatu pamene mpira umodzi wokha ukadawagonjetsa, ndipo anagawana mapaundi 650.000. Mu 2025 anawonjezera cha ku Australia. Cash naye sanatsalire: mu 2025 anatenga chikho cha Wimbledon ndi Lloyd Glasspool, kukhala gulu loyamba la amuna a ku Britain okhaokha kutero kuchokera mu 1936.

Koma pa awiri aliwonse amene amawoloka chonchi, pali ambirimbiri amene amakalambira pa mlathowo, kusewera pamaso pa mipando yopanda anthu. Mu 2024 mzinda wa Kigali ku Rwanda unachititsa mipikisano iwiri ya Challenger, zimene zinachepetsako mtunda kwa osewera a mu Africa, omwe nthawi zambiri amayenera kuwoloka nyanja kuti akapeze mapontu. Kwa mnyamata amene wayambira pa mabwalo a Tunduru, njira yake ndi yomweyo: kupeza ndalama ya tikiti, kupeza mnzake womukhulupirira, ndi kupambana kanayi m'sabata imodzi.