Uchidakwa wa Ntchito ndi Moyo wa Banja

Ulesi timaudziŵa bwino, ndipo sitisoŵa mau oudzudzulira poulalika. Koma liliponso vuto lina limene kaŵirikaŵiri timaliwombera m'manja, poti limaoneka ngati khama. Amene adalitchukitsa ndi Wayne Oates, mbusa wa mpingo wa Baptist ku America, m'buku lake la 1971. Iye adagwiritsa ntchito liwu lakuti workaholic, lotsanzira liwu la Chingerezi lotanthauza chidakwa, pofuna kunena kuti munthu angathe kugwidwa ndi ntchito monga momwe wina amagwidwira ndi moŵa.

Tisafulumire kutcha aliyense wotopa kuti chidakwa. Mai amene amalaŵirira kumunda nakagulitsa mandasi madzulo, kapena bambo wogwira ntchito ziŵiri ku Johannesburg kuti alipire sukulu ya ana, akukankhidwa ndi umphaŵi. Amene tikunena pano amakankhidwa ndi chinthu cha mumtima mwake momwe, chimene sichimlola kupuma ngakhale nkhokwe itadzaza.

Mu 1992 akatswiri aŵiri, Janet Spence ndi Ann Robbins, adayesa antchito pa zinthu zitatu: kudzipereka kwao pa ntchito, kukakamizika kwa mumtima, ndi kukondwa nayo ntchitoyo. Adapeza kuti anthu otanganidwa sali a mtundu umodzi. Alipo odzipereka ndi okakamizika koma osakondwa. Ameneŵa ndiwo zidakwa zenizeni, ndipo amafuna kuti zonse zikhale zopanda banga, safuna kugaŵirako anzao ntchito, nadandaulanso za matenda kopambana ena. Alipo odzipereka ndi okondwa koma osakakamizika, amene nthaŵi yoŵeruka ikakwana amatseka chitseko ndi mtima woyera. Pakati pao pali mtundu wachitatu, wokhala ndi zonse zitatu, ndipo umenewu ndiwo wovuta kuuzindikira. Munthuyo ngwansangala, akulu a ntchito amamtama, iye mwini akuti palibe vuto. Amene amadziŵa zoona ndi mkazi wake ndi ana, chifukwa kukondwa kwake sikuŵabwezera maola amene adaŵalanda.

Robert Vallerand wa ku Canada ndi anzake adaunikira mbali imeneyi mu 2003 posiyanitsa mitundu iŵiri ya kukonda chinthu kwambiri. Pa mtundu woyamba munthu amakonda ntchito yake mwaufulu, ndipo ntchitoyo imakhala mwamtendere pamodzi ndi banja, pemphero ndi abwenzi. Pa wachiŵiri munthu wamangirira ulemu wake wonse pa ntchito, kotero kuti akaileka amadzimva wolakwa ndi wopanda pake. Kafukufuku wotsatira waonetsa kuti mtundu wachiŵiriwu ndiwo umayendera limodzi ndi kukangana kwa ntchito ndi banja. Munthu wotere amakhala pa nsima ndi ana ake maganizo ali ku ofesi, ndipo masiku ano foni imabweretsa ofesiyo mpaka kuchipinda.

Apa nzeru za akatswiri zikukumana ndi chiphunzitso cha Eklezia. M'kalata yake ya Laborem Exercens ya 1981, Papa Yohane Paulo II adaika munthu pamwamba pa ntchito imene agwira, naitcha ntchito maziko omangirapo banja. Ntchito imene ikugumula banja yaiŵala chifukwa chake chokhalira. Ndipo kupuma kwa Lamulungu, kumene Papa yemweyo adakufotokoza mu Dies Domini mu 1998, kumayesa mtima: wokonda ntchito mwaufulu amalilandira tsikuli mokondwa, wokakamizika amalimva ngati ndende.

Ife ansembe tisaganize kuti umbeta watitchinjiriza. Wansembe woyendera nthambi zonse yekha, wosakhulupirira akatekisti ndi atsogoleri a miphakati, wosapezeka pa chakudya ndi anzake a m'nyumba, angathe kukhala wa mtundu wachitatu uja, ndipo akhristu adzamtama mpaka atagwa. Polangiza banja lotere, kufunsa chiŵerengero cha maola sikutithandiza kwenikweni. Tifunse mwamunayo chimene amamva mumtima tsiku limene sagwira ntchito, kenaka timfunse mkazi wake payekha kuti adadya liti pamodzi komaliza.