Ndende Ziwiri m'Buku la Ana la Gennifer Choldenko

Pakati pa mabuku a ana amene mphunzitsi wa chinenero apindula powadziwa, lilipo lina lotchedwa Al Capone Does My Shirts, ndiko kunena kuti Al Capone ndiye achapa malaya anga. Analilemba ndi mayi wa ku America, Gennifer Choldenko, nalitulutsa m'chaka cha 2004, ndipo mu 2005 linalandira ulemu wa Newbery Honor, umene uperekedwa pa mabuku a ana opambana m'dzikomo. Muno tifuna kulongosola umo mlembiyu anagwiritsira ntchito malo a nkhani yake kuti aphunzitse ana chinthu chovuta kuchitchula poyera.

Tiyambe ndi malowo. Alcatraz ndi chisumbu cha thanthwe chimene chili m'nyanja, mtunda wa makilomita awiri kuchokera ku mzinda wa San Francisco. Kuyambira 1934 kufikira 1963 boma la America linali kusungirako akaidi amene ndende zina zinawalephera. Mmodzi wa iwo ndiye Al Capone, mkulu wa zigawenga za ku Chicago, amene anaweruzidwa mu 1931 pa mlandu wozemba msonkho, nakhala pachisumbupo kuyambira 1934 kufikira 1939. Alonda a ndendeyo anali kukhala pomwepo pamodzi ndi akazi ao ndi ana ao, ndipo m'mawa uliwonse anawo anali kuoloka pa ngalawa kunka kusukulu mumzinda. Izi ndi zoona za m'mbiri, koma banja la m'bukuli ndi lopeka.

Nkhani ichitika mu 1935, ndipo woisimba ndi mnyamata wa zaka 12, Moose Flanagan. Atate wake apeza ntchito ziwiri pandendepo, ya ulonda ndi yokonza magetsi, ndipo banja lonse lisamuka ku Santa Monica. Chowasamutsa chenicheni ndi mlongo wake wa Moose, Natalie, amene makolo afunitsitsa kuti alowe sukulu ya ana osowa chithandizo chapadera ku San Francisco. Natalie sayang'ana munthu m'maso, salankhula monga anzake, akhala tsiku lonse kuyala mabatani ake m'mizere, ndipo wina akamsokonezera akuwa kosatonthozeka. Koma pa kuwerengera manambala aposa akulu omwe. Lero tikanati ali ndi autism. Mawu amenewa samveka m'kamwa mwa anthu a m'nkhaniyi, pakuti Leo Kanner anafotokoza za chibadwa chimenechi m'chaka cha 1943, patapita zaka 8 kuchokera pa nthawi ya nkhaniyo. Mlembi mwini anali ndi mbale wake wamkazi wobadwa chotero, ndipo n'chifukwa chake Natalie aoneka ngati munthu weniweni.

Tsono taonani nzeru ya mlembi. Mwana wowerenga adziwa kale kuti ndende nchiyani: linga, zitseko zachitsulo, ndi munthu wosatha kutuluka. Chimene sadziwa ndicho umo akhalira munthu wonga Natalie, amene ali nazo zambiri mumtima koma njira yozitulutsira njotsekeka. Poika nyumba ya banjali m'tsinde mwa linga la ndende, mlembi achititsa mwanayo kufanizira ziwirizi yekha, wopanda womuuza. Nayenso Moose ali womangika, pakuti aleka mpira wa baseball umene aukonda kuti azisunga mlongo wake akaweruka kusukulu. Amake nawo adzimanga ndi bodza lao: chaka ndi chaka anena kuti Natalie ali ndi zaka 10, ngakhale ali kufika 16, poopa kuti sukulu idzamkana ikadziwa msinkhu wake. Mutu wolemera koposa m'bukuli ndi umene Moose alimba mtima nauza amake kuti bodzalo lakwanira, pakuti mlongo wake ndi namwali tsopano.

Kuti ana asaleme ndi zachisoni, mlembi aikamo zoseketsa. Zovala za mabanja a alonda zinali kuchapidwa ndi akaidi. Piper, mwana wamkazi wa mkulu wa ndende, aona phindu pamenepo, nauza anzake a kusukulu kuti akalipira masenti 5 pa malaya amodzi, adzawachapira ndi Al Capone mwini wake. Chinyengocho chiululika, ndipo Moose aphunzira kuti kulakwa kwa mwana kutha kuchotsetsa atate wake ntchito. Dzina la bukuli lichokera pomwepa.

Pamapeto sukulu ija ikana Natalie kachiwiri. Moose, atasowa kolowera, alembera kalata Al Capone mobisa kumpempha chithandizo. Posakhalitsa sukulu itsegula chigawo cha ana okulirapo nimlandira Natalie, ndipo Moose apeza m'malaya ake ochapidwa kakalata ka liwu limodzi lokha, lomdziwitsa kuti ntchito yachitika. Chimene Capone anachita mlembi satiuza.

Apa mpamene mphunzitsi ayenera kuchenjera. Ana adzakondwera kuti chigawenga chathandiza, monga akondwera ndi kalulu m'nthano zathu akapambana ndi machenjerero. Koma afunsidwe: kodi Moose anachita bwino kupempha munthu wotere? Kodi mphatso ya munthu woopsa idza yopanda ngongole? Mlembi mwini anabwerera ku funso limeneli m'buku lotsatira, Al Capone Shines My Shoes, la mu 2009, m'mene Capone afuna kubwezeredwa.

Akulu anati chibale ndi fupa, sichiola. Moose achita manyazi ndi mlongo wake, amkwiyira, komabe samtaya, ndipo Natalie ayamba kulankhula zambiri pamene atuluka m'nyumba ndi kukhala pakati pa ana anzake a pachisumbupo. Inu amene mukonzekera uphunzitsi mudzapeza m'kalasi mwana wina wokhala chete pakona, amene anzake amutcha chitsiru. Musanamweruze, powerenga bukuli ndi ophunzira anu afunseni kuti atchule anthu onse omangika m'nkhaniyi, ndi kunena chimene chamanga aliyense wa iwo.