Mtedza waukulu wozungulira dzuwa

Ana anga, thamangani mukatenge mtedza umodzi wosaswa, uja wa njere ziwiri, wowonda pakati. Mwaupeza? Ugwireni bwino. Kodi mukudziwa kuti kumwamba kuli mwala wooneka chimodzimodzi? Ulikodi! Koma umenewo sungalowe m'thumba. M'litali mwake ndi makilomita pafupifupi 8. Mutayamba kuyenda kumutu kwake dzuwa likutuluka, mungafike kumapeto patatha maola awiri, miyendo itatopa.

Nanga mwalawu uli pati? Uli kutali kwambiri, pakati pa dziko la Mars ndi dziko la Jupiter. Kumeneko kuli miyala yambirimbiri, ina ikuluikulu, ina ing'onoing'ono. Yonse imazungulira dzuwa ngati mmene dziko lathu limachitira. Asayansi amaitcha ma asteroidi. Wathuwu anauona koyamba ndi Schelte Bus, pa 2 March 1981, ku Australia. Pa chithunzi unkaoneka ngati kadontho chabe.

Kodi uli ndi dzina? Eya, ndipo ndi lalitali: Donaldjohanson. Tiyeni tilitchule pang'onopang'ono, tikuwomba m'manja. Do-nald-jo-han-son! Mwawomba kangati? Kasanu.

Dzinali ndi la yani? Apa ndiye mutchere khutu, chifukwa ine azakhali anu nkhani imeneyi imandikoma zedi. Donald Johanson ndi wasayansi wa ku America. Koma iye ntchito yake si yoyang'ana nyenyezi ayi. Ndi yoyang'ana pansi! Amafufuza mafupa akalekale m'nthaka. Mu 1974 anali ku Hadar, m'dziko la Ethiopia, kuno ku Africa. Tsiku lina akuyenda m'chigwa chouma, dzuwa likuswa mtengo, anaona kafupa ka mkono. Atayang'anitsitsa anaona ena. Iye ndi anzake anatola mafupa ambiri a cholengedwa chimodzi chimene chinkayenda ndi miyendo iwiri ngati ife. Chinakhala ndi moyo zaka zoposa mamiliyoni atatu zapitazo. Chinali chachifupi, kungopitirira pang'ono mita imodzi. Imani pakhoma muyeze. Mwina ena mwa inu mwachiposa kale! Mafupawo anawatcha Lucy. Anthu a ku Ethiopia amawatcha Dinkinesh, kutanthauza kuti “ndiwe wodabwitsa.”

Tsono munthu wokumba pansi, dzina lake linakwera bwanji kumwamba? Asayansi ena ankakonza chombo chopita kukaona ma asteroidi. Iwo amati miyalayi ili ngati mafupa akale. Ndi zotsalira za nthawi imene maiko ozungulira dzuwa ankapangika. Choncho chombocho anachitcha Lucy. Ndipo mwala umene chinkayenera kudutsa panjira anaupatsa dzina la munthu amene anapeza Lucy.

Kodi anakumana? Anakumana ndithu! Chombocho chinanyamuka pa 16 October 2021, mulibe munthu, muli makamera. Pa 20 April 2025 chinadutsa pafupi ndi mwalawo n'kuujambula. Taganizani: kale Johanson ndiye anapeza Lucy, ulendo uno Lucy ndiye anapeza Johanson! Zithunzi zija ndi zimene zinatiululira kuti mwalawo uli ngati mtedza, wokhala ndi mayenje thupi lonse.

Nanga chaka kumeneko n'chotalika bwanji? Mwalawu umatenga zaka zitatu ndi miyezi isanu ndi itatu kuti uzungulire dzuwa kamodzi. Ngati muli ndi zaka 11, kumeneko mukadakhala ndi zaka zitatu zokha. Tengani pensulo muwerengere za agogo anu.

Tsopano ikani dengu pakati pa bwalo, likhale dzuwa. Nyamulani mtedza wanu uja m'mwamba. Zungulirani dengulo, mukuutembenuza pang'onopang'ono ndi zala. Musafulumire! Mwala weniweniwo umatenga masiku oposa khumi kuti utembenuke kamodzi. Mukazungulira katatu, mutha kuuswa n'kudya.